Thumba la Goodwin pa Injini

"Katundu pano, bwana," anatero kondakitala, n'kulanda thumba la Goodwin n'kuliika kuseri kwa dalaivala, pamene injini imawotcha ngati mbaula.

Goodwin anakhala pampando, maso ali pathumbalo. M'thumbamo munali nsato yake yoweta, yomwe inali itamuthamangitsitsa kale nyumba ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Kawale. Tsopano ankasamukira ku Area 25, atatopa nako kusamukasamuka.

Minibasi inatsekerezedwa pamlatho wa Lilongwe, dzuwa likuswa mtengo. Thumba lija linagwedezeka, kenaka linasiya. Goodwin anadziwa kuti akapanda kuyankhula, nsatoyo ifa ndi kutentha.

"Aise, ndipatse thumbalo ndiliike pamiyendo."

"Mwadzaza chonchi? Muli chiyani, mazira?"

"Muli njoka."

Anthu anatulukira pakhomo ndi m'mawindo momwe. Mayi wina wa mpando wakumbuyo anagwera pamsewu, n'kudzuka chitenje chili m'manja. Anamuyang'anitsitsa Goodwin.

"Si inu munabwera dzulo kudzaona nyumba yanga ku 25?"

Goodwin anasuzumira m'thumba. Nsato inali ikupuma. Anakoleka thumbalo paphewa n'kuyamba kuyenda, akuganiza zokafuna nyumba ku Mgona, kumene anthu sankamudziwa.