Zikumbu Zinandilambalala

Ndinabwerera ku labu, nyumba yathu yochitiramo kafukufuku, dzuwa litalowa, nditakumbukira kuti sindinavundikire bokosi la zikumbu zimene tikufufuza. Zikumbu zimenezi zikanunkhiza mbewa yakufa, zimakumba pansi pake mpaka kuikwirira. Chamoyo sizichikhudza.

Mlonda anali pampando wake pakhonde, chipewa chili kumaso.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, mayi. Kuzizira kokhaku," anayankha osadzutsa mutu.

Nditalowa n'kuyatsa tochi, ndinapeza m'bokosi muli dothi lokha. Kenako ndinamva kunyerenyesa kumapazi. Zikumbu zonse zinali zitazungulira nsapato zanga, tinyanga tili m'mwamba, zikundinunkhiza. Ndinauma thupi. Ndinagwira pachifuwa kuti ndimve ngati mtima ukugunda.

Chimodzi chinatembenuka. Zinzake zinatsatira, n'kundilambalala.

"Ndili moyo ine, zikomo Ambuye!" Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Mtima utakhala pansi, ndinatenga tsache kuti ndizibweze. Mzere wazo unadutsa kunsi kwa chitseko n'kukaima pakhonde. Pansi pa mpando uja, simenti inali itayamba kugumuka.

"Bambo, kwezani miyendo, zingakukwereni!"

"Zisiyeni, mayi," anatero mlonda, chipewa chidakali kumaso. "Ndazidikira nthawi yaitali."