Nsomba Zosomekedwa Waya

Panali munthu wina, mwamuna wandevu zake, amene ankasungidwa ndi achemwali ake. Anthu ankamutchula kuti Ndikudziwa, chifukwa ukangoyamba kumulangiza ankakudula pakamwa ndi mawu amenewo. Ntchito analibe, ndipo abale ena onse anali atatopa naye. Khomo la achemwali akewa ndi lokhalo limene linali litamutsalira.

Achemwaliwo anali amasiye. Malemu amuna awo anawasiyira kathanki kagalasi pabalaza, momwe munali nsomba ziwiri za m'madzi amchere zotchedwa paipifishi. Nsomba zimenezi n'zazitali ngati pensulo, thupi lolimba gwa, kukamwa ngati kachubu. Sizidya chisawawa, zimafuna tizilombo tamoyo tating'onoting'ono. Ndipo yonyamula mazira pamimba ndi yaimuna. Mayiwo ankati akamaziyang'ana zimakhala ngati amuna awo angotuluka pang'ono.

Tsiku lopita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni, anamuitana mchimwene wawoyo.

"Tizilombo tili m'botolomu. Uzizipatsa pang'ono, m'mawa ndi madzulo. Thankiyi ndi yaing'ono, ukathira zambiri madzi amaola. Pampu ya mpweyayi usazimitse. Yaimunayi ili ndi mazira."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Ndakusunga osakupempha kanthu. Ukalephera ichi chokha, iwe ndi ine tisiyana."

"Ndikudziwa."

Galimoto yowatenga itangokhota, mkulu uja anakhuthulira botolo lonse m'thanki, n'kuwonjezera nyenyeswa za buledi, ati zisamve njala. Anazula pulagi ya pampu kuti atchaje foni, osaibwezeranso. Kenaka uyo, ulendo kwa chibwenzi chake, komwe anakagonerako masiku angapo.

Pobwera, fungo linamulonjera ali pakhonde. Madzi anali mbuu ngati otsukira mbale, pamwamba pali thovu lachikasu, ntchentche zikuchita phwando. Nsomba zonse ziwiri zinali pansi, maso atayera. Mazira aja anali atachita nkhungu.

Munthu wamutu wake akanaimba foni n'kupepesa. Koma uyu anangoganiza za pogona pake. Anavuula nsombazo ndi supuni yomwe anthu amadyera, n'kuona kuti ngakhale zafa zikadali zowongoka. Apa m'pamene nzeru zonyansa zinamufikira. Anataya madzi oola aja, n'kuthira a pampopi. Anasenda chingwe cha tchaja yakale, n'kusomeka kawaya kukamwa kwa nsomba iliyonse mpaka m'mimba. Atatero anazimangirira ku timitengo tapulasitiki ta m'thankimo, kuti zizioneka ngati zaima m'madzi.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse achemwali ake ankaimba foni ya vidiyo ali pabedi la chipatala, diripi ili pamkono.

"Tandionetsa ana anga."

Iye ankaima patali ndithu, dzanja lina litagwira foni, lina litatseka mphuno.

"Bwanji zangoti phee?"

"Mukuzidziwa nokha, achemwali, n'zofatsa izi. Zangodya kumene."

"Nanga ya mazira ija?"

"Ikudikira inu."

Mayi aja ankamwetulira, n'kumazipatsa moni nsombazo. Anafika pouza anamwino kuti akufuna achire msanga akaone tiana tikuswa. Mkulu uja manyazi analibe ngakhale pang'ono. Foni ikaduka ankangopopera perefyumu pabalaza. Anathamangira kusitolo ya nsomba zoweta kuti akagule zina, koma wogulitsa anamuuza kuti zimenezo n'zosowa, sizibwera posachedwa.

Bodza lilibe mwendo. Achemwali aja anatulutsidwa msanga, ndipo sanamuuze. Analowa m'nyumba akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili pabala. Fungo la perefyumu losakanikirana ndi chivundi linawaimitsa pakhomo. Anapita pathanki paja. Tizikopa tinali tikuyandama pamwamba pa madzi. Anapisa dzanja n'kukhudza yaimuna ija, ndipo inangophwasuka m'zala zawo, mutu wokha n'kutsala pawaya.

Mayiwo anasanza pomwepo, atagwira bala lawo.

"Achemwali, zafa lero m'mawa lomweli," anatero iye.

"Ndiye wayayu zameza zokha?"



"Nsomba zimafa, mchimwene," anatero achemwali ake motsitsa mawu. "Alamu ako anamwalira, ndinalira, tinawaika. Ukanandiuza zoona ndikanalira n'kukukhululukira. Koma iwe wandichititsa kupatsa moni mitembo m'mawa uliwonse, ine ndikuseka, iwe ukundiyang'ana m'maso. Munthu wotere sindingagone naye nyumba imodzi."

Ndikudziwa anagwada, analira, koma sizinathandize. Anaimbira abale ena, onse anali atamva kale ndipo palibe anayankha. Chibwenzi chija chinangoti kwawo malo ndi ochepa.

Ali chiimire panja ndi chikwama chake, zenera linatseguka. Achemwali ake anamuponyera kawaya kaja, kakununkhabe.

"Tenga kako. Ndi ntchito yokhayo imene wagwira m'nyumba muno."

Phunziro: Ukapatsidwa chamoyo kuti usamale, tsatira zimene mwiniwake wakuuza, usamati ndikudziwa. Ndipo ukalakwitsa, nena chilungamo nthawi yomweyo, chifukwa choola ngakhale uchipopere perefyumu chimanunkhabe. Tumizirani ena uthengawu, makamaka aja amadziwa zonse.