Mafuta Atayika Pakhomo

Mnyamata wa malaya obiriwira uja anali atatsala pang'ono kufika pakauntala panga, sopo ali m'manja. Sabata yonse ndinkalota kuti lero andifunsa dzina.

Basi a Manijala anatulukira.

"Iwe, mafuta atayika pakhomo. Tenga mopu ukakolope."

"Bwana, nanga mzerewu?"

"Ndikhalapo ine. Sitolo yotchipa ino, aliyense amagwira chilichonse. Ndife banja limodzi."

Banja lake liti? Wokolopa anamuchotsa, woika katundu m'mashelefu anamuchotsa, ndatsala ine ndi manja awiri omwewa. Iwo yawo n'kuyendayenda, makiyi ali jegwejegwe m'chiuno ngati alonda a kundende.

Ndinagwada pakhomopo, mopu ikungofalitsa mafuta. Ndinakonza tsitsi ndi chigongono, poti mnyamata uja potuluka adutsa pompano.

Anafikadi, n'kuima. Ndinadzutsa mutu, kumwetulira kuli kale pakamwa.

"Anti, apa mwasiyapo," anatero akuloza pansi ndi phazi. Sanandizindikire n'komwe.

Nsapato yakeyo inali yoyasama kutsogolo, chala chili panja. Kukauntala kuja sizinkaoneka zimenezi.