Tizikumbu ta a Kalebe

A Kalebe anandandalika mabotolo khumi ndi awiri a tizikumbu patebulo la m'kalasi ya sayansi, n'kupukuta lililonse ndi mpango. Tsikuli kunkabwera Dokotala Mirriam Chatata a ku koleji ya zaulimi. Akangovomereza kuti tizikumbu timeneti n'tachilendo, basi malo a maphunziro apamwamba apezeka, kasukulu ka ku Msakambewa aka akatsanzika.

Ndipo kunkawanyansa kuno. Iwo anakulira mu Lilongwe, ufa wawo unali wa m'sitolo, nkhokwe ankangoiona pa zithunzi. Anthu a kuno ankawayesa mbuli zongodziwa khasu ndi fodya. Mbuli yaikulu inali a Manesi osesa pasukulu, amene ankawatuma kuphiri kukathyola zotupa za pa nthambi za msuku. Mayiwo ankabwera nazo m'thumba lakale lotuwa, a Kalebe n'kungokhuthulira m'mabotolo ndi zinyalala zomwe, n'kuvindikira ndi kansalu. Patapita masabata angapo, tizikumbu takudera ta mlomo wautali tinayamba kuyendayenda m'menemo. A Kalebe anakhulupirira kuti tatuluka m'zotupa zija.

"Aphunzitsi, tizilomboti ine ndimatidziwatu," a Manesi ananenapo tsiku lina, tsache lili m'manja.

"Inuyo? Dzina lanu lomwe mumachita kudinda ndi chala. Tasesani apo."

Akakumbukira ankaseka okha. Munthu woti pakhomo la kalasi amangopadziwira kusesa, ati aphunzitse mwini digiri!

Dokotala anafika galimoto ili matope okhaokha, ndipo za tiyi anakana. Anaika kachikumbu kamodzi pansi pa galasi lokulitsa zinthu, nayang'ana nthawi yaitali. A Kalebe anakonza tayi. Apa ndiye zatheka. Kenaka mlendoyo anakhuthulira botolo limodzi papepala, n'kuyamba kutembenuza zotupa zija chimodzichimodzi. Anakhuthulanso lachiwiri, ndi lachitatu lomwe.

"Zimenezi zinabwera m'chiyani?" anafunsa Dokotala.

A Kalebe analoza a Manesi ndi mlomo, osawayang'ana n'komwe.

"M'thumba langa losungira chimanga, mayi," a Manesi anayankha ali pakhomo.

"A Kalebe, palibe chotupa ndi chimodzi chomwe chimene chabooka." Dokotala anakankha ndi cholembera kanjere ka chimanga kofumbwa kamene kanali m'zinyalala zija. "Mwandiyendetsa matope onsewa kuti ndidzaone anankafumbwe?"