Fayilo ya Nasoni

"Sinabwere, mayi. A ku Zomba sathamanga."

Aka kanali kachisanu Sajeni Bauleni kuyankha choncho. Lachiwiri lililonse, lole ya makalata ikamawoloka mlatho wa Lilongwe, Marcelina amakhala atafika kale papolisi, chilili pakhomo, benchi osaifuna n'komwe.

Mwamuna wake, Nasoni, ankanyamula matumba pasitolo ya Moosa. Tsiku lina adakankha munthu yemwe ankafuna kumulanda njinga. Munthuyo adagwa chagada, mutu pamwala, osadzukanso. Nasoni adakadzipereka yekha kupolisi, njinga ili m'manja.

Masiku a Chitaganya amenewo, mlandu wa magazi sunkathera m'manja mwa apolisi. Iwo ankafufuza n'kulemba mlandu womwe auona, koma mawu omaliza ankachokera kwa loya wa boma ku Zomba. Tsono apolisi anali ndi kanzeru kawo: lemba wolemera, poti loya sabweza fayilo osadulako kanthu. Bauleni adalemba "kupha mwadala", mlandu wa chingwe, uku akuimba mluzu.

"Musadandaule," Bauleni adamuuza Marcelina tsiku loyamba lija. "Ife timangolemba. Iwo akautsitsa ukhale wa ngozi. Zaka ziwiri, zitatu, bambo abwerera kwanu."

Koma chiyambire mwezi watha mluzu udamuthera. Anzake ankamuseka kuti akuwonda ngati wamitala. Ankakhala padesiki bondo litatsamira kabati ya m'munsi, kiyi ali m'sokosi. Masanasana, dzuwa likuswa mtengo, ankamva kanthu kakukwekwesa m'matabwamo, ngati chingwe chikukhula pamtanda. Ena ankati ndi chiswe. Iye ankachita mantha, mantha enieni.

"Ndibwerenso Lachiwiri, a Sajeni?"

"Bwerani, mayi."

"Inu ndiye mwatilimbitsa mtima. Dzulo kundende bambo amati ndisaiwale kukuthokozani."

Adamasula kansalu, n'kusiya mazira atatu padesiki, n'kutuluka.

Bauleni adadikira mpaka mapazi a mayiyo atazilala. Kenaka adasolola kiyi uja n'kutsegula kabati. Fayilo ya Nasoni inali momwemo, momwe idagonera masabata anayi chibwerere kuchokera ku Zomba. M'munsi mwa dzina la Bauleni, loya adalemba ndi inki yofiira: "Ine ndikadautsitsa. Koma wapolisi amene adafika pamalopo ndiye akudziwa bwino. Ndavomereza."