Ameni wa a Telala

Panali munthu wina, telala, Mkhristu wa benchi yakutsogolo, amene mpingo wonse unkangomutcha a Ameni. Abale anga, pakamwa pa bamboyu panali poyera kuposa kolala ya abusa. Kutukwana ayi, miseche ayi. Singano ikamubaya, iye: "Ameni!"

Koma Ameniyo chinali chivundikiro. Akaganiza choipa, ankachiganiza mpaka chipse bwinobwino, kenako n'kuvundikira. Mayi wotsogolera kwaya akabwera kudzayezetsa diresi, tepi ili m'chiuno, m'mutu mwa telala: "Ichi n'chiuno kapena mgolo wa madzi?" Pakamwa: "Ameni, mayi." Mayiyo n'kumapita akumwetulira, ati adalitsidwa.

Mkazi wake yekha ndiye ankakayikira.

"Kodi bambo, Ameni ameneyu mukuyankha pemphero la ndani? Inetu ndangofunsa ngati mumwe tiyi."

"Ndi kuyamika chabe, mayi."

"Zimene mumasunga m'mutumo muzipita nazo kwa Mulungu. Tsiku lina zidzatuluka zokha."

"Aaa, mayi! Ndani anamangidwapo chifukwa choganiza? Maganizo alibe mboni."

Itayandikira Khirisimasi, shopu inadzaza nsalu mpaka pakhomo. Telala ankasoka mapiko a angelo a sewero la ana, wailesi ikuimba za Mwana wobadwa m'khola, koma mumtima muli zii, ngati mwendo wogonera. Yesu analibe pokhala m'mutumo. Zipinda zonse zinali ndi alendo, maganizo oti: uyu wanenepa, uyu akudzimva, uyu akanangofa.

Mawa lake kuli Khirisimasi, anakwera makwerero kukapachika nyenyezi ya katoni pamwamba pa chitseko cha tchalitchi. Ali pamwambapo anaona galimoto yatsopano ikuima. Anatuluka mwamuna wa mng'ono wa mkazi wake, kenako mng'onoyo. Telala anayang'ana, anaganiza, anaganizanso.

"Ameni," anatero, n'kuponda pamene panalibe choponda.

Phiii! Mwendo thyo! Nyenyezi inamutsatira n'kudzamumenya pamphumi.

Kuchipatala anamuchita opareshoni m'mawa wa Khirisimasi, n'kumumanga pulasitala kumwendo. Mapemphero atatha, abusa, kwaya ndi achibale anabwera kudzamuimbira. Nesi anawaimitsa pakhomo.

"Dikirani kaye, mankhwala ogonetsa sanawathere m'thupi."

"Musadandaule, mwana wanga," anatero abusa. "Awa ngakhale kutulo amalemekeza Mulungu."

Analowa, anazungulira bedi, anayamba nyimbo. Telala anatsegula diso limodzi. Eee, abale, mphika unali utadzuka koma chivundikiro chidakali mtulo!

Anayang'ana mayi wa kwaya, lilime lili lolemera. "Mgolo wafika. Ameni."

Nyimbo inatsika pang'ono.

"Abusaaa, ulaliki wanu uja ndi umene andibaya nawo kuti ndigone? Ndi wamphamvu. Ameni."

Wina kumbuyo anapsitika, n'kunamizira chifuwa.

"Iwe wagalimoto, sinagwerebe m'ngalande? Ndimaiganizira tsiku lililonse. Ameni."

Mkazi wake anamugwira dzanja. "Bambo, khalani chete. Ndine."

Telala anamuyang'anitsitsa ngati nsalu yolakwika mtundu.

"Ooo, iwe ndi wamkulu uja. Ine ndinkafuna wamng'onoyo. Zaka zonsezi ndimadya nawe, koma nkhope imene ndimaona ndi ya mng'ono wako. Ameni."

Atatero anatseka maso, mkonono n'kuyamba.

M'chipindamo palibe anasekanso. Aliyense anali kukumbukira ma Ameni ake amene analandira kwa bamboyu, wina pamaliro a mwana wake, wina tsiku la ubatizo. Mkazi uja anakumbukira wa tsiku la ukwati. Tsikulo, abusa atafunsa ngati akumutenga, telala anati "Inde," anacheukira kumene kunaima mng'ono wa mkwatibwi, n'kuwonjeza Ameni wamphamvu mpaka tchalitchi chonse chinaomba m'manja.

Anthu anatuluka mmodzimmodzi. Mng'ono uja anatuluka atagwira pakamwa. Mkazi wa telala sanalire. Anakonza bulangete, anakhala pampando, anayamba kusenda lalanje. Anasenda, anasenda, osadya.

Masana telala anadzuka ali bwinobwino, osakumbukira kanthu.

"Khirisimasi yabwino, mayi! Kodi akwaya sanabwere?"

Mayiyo anangomupatsa lalanje lija n'kutuluka. Amene anamuuza zimene analankhula zija anali mdala wa bedi loyandikana, ndipo sanasiye ngakhale liwu limodzi, mpaka kutsanzira ndi lilime lolemera lomwe. Telala anafuna kunena kanthu, koma mawu amene ankawadziwa anali amodzi okha aja, ndipo anali atatha ntchito.

Anabwerera kunyumba. Mkazi wake ankamuphikira, kumuchapira, kumugwiriza popita kubafa. Osakalipa, osaseka, osaimba. Mng'ono wake sanapondenso pakhomopo. Usiku wa chaka chatsopano telala anapemphera koyamba za m'mutu mwake, mokweza, chimodzichimodzi, misozi ili chuchuchu. Atamaliza anatembenuka.

"Mayi, mwandikhululukira?"

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku pulasitala mpaka pachipsera cha nyenyezi chija.

"Ameni," anatero.

Mpaka lero bamboyo sakudziwa chimene chili pansi pa chivundikirocho.

Phunziro: Mkhristu mnzanga, Khirisimasi ino usangotsuka makatani ndi pakamwa, tsukanso m'mutu. Ganizo loipa likabwera usalipatse mpando ndi tiyi, pita nalo kwa Yesu lisanakule, chifukwa Iye amamva zimene ukuganiza, ndipo tsiku lina akwanu adzazimvanso. Mupatse malo Mwanayo m'mutumo. Tumiza nkhaniyi kwa abale ndi a kwaya yanu, ndipo amene akuyankhe kuti "Ameni," umufunse bwinobwino kuti akutanthauza chiyani.