Pamene Manambala Anasefukira

Chala cha a Dinala, kalaliki wa ofesi yolembera othawa nkhondo ku Namwera, chinali kale pa batani lozimitsira kompyuta pamene Eduardo, mmodzi wa othawa nkhondowo, anawagwira dzanja.

"Musazimitse, bambo. Maina onse a lero afera momwemo."

Kompyutayo inali itauma, osagwiranso ntchito, dzuwa lili paliwombo, itangolavula mapepala a manambala okhaokha. Anthu opupuluma amakhulupirira kuti kuzimitsa ndi kuyatsanso kumachiza chilichonse, ndipo ambiri ataya zamtengo wapatali motero.

Eduardo, amene ankakonza makina otere ku Nampula nkhondo isanamulekanitse ndi mwana wake Joana, anayala mapepalawo pansi. Ankafuna kudziwa kukula kwa kamalo kamene makina amasungizako ntchito yake akadodometsedwa ndi ntchito ina, pakuti kamaloko kakadzaza, zotsala zimasefukira pa maina. Anayamba kuwerenga mizere ndi kamtengo ka machesi. M'kutentha kuja manambala ankayandama m'maso mwake ngati anthu owoloka mtsinje atasenza mitolo, iye n'kumawatsatira mwakachetechete.

"Achimwene, anthu akupsa ndi dzuwa panjapa," anatero a Dinala. "Kodi mukuwombeza maula?"

Pa mzere wa 256 kamaloko kanathera. Pansi pake panayambira maina, oyambirirawo atafufutika theka. Kamtengo kanaima pa dzina limene linapulumuka lathunthu: Joana Eduardo, wazaka zisanu ndi zinayi, wafika lero, ali yekha.

"Mwachipeza chimene chavuta?" anafunsa a Dinala.

Eduardo sanawamve. Anali ataima kale pakhomo, maso ali pa mzere wa anthu, akuitana dzina limene kwa zaka zitatu ankangolitchula kumaloto.